Mtengo wa tikiti sindiwo mtengo wa ulendo wa pa sitima yapamadzi

Pantchito yanga yokonzera anthu maulendo okapumula pa sitima zikuluzikulu zapamadzi, pali mawu amene ndatopa kuwamva, ndipo mawuwo ndi akuti "zonse tinalipiriratu". Anthu amawanena mokondwa asananyamuke, kenaka amadzawanenanso atabwerako, koma ulendo wachiwiriwu amakhala atapsa mtima, m'manja atagwira bilu imene sanaiyembekezere. Tikiti imakugulirani chipinda chogona, chakudya cha m'malo odyera akuluakulu, madzi akumwa, tiyi ndi khofi wamba, zisudzo zamadzulo ndiponso maiwe osambiramo. Zimenezi n'zambiri ndithu, ndipo munthu wodziletsa akhoza kutha mlungu wathunthu osawonjezerapo ndalama zochuluka. Koma sitimazi sanazimangire anthu odziletsa.

Kuti mumvetse chifukwa chake, onani mmene makampani a sitimazi amapezera ndalama. Carnival Corporation, yomwe ndi kampani yaikulu kuposa onse pamalonda amenewa, inapeza madola a ku America 21.6 biliyoni m'chaka cha 2023, ndipo pafupifupi 7.5 biliyoni mwa ndalamazo sizinachokere ku matikiti, koma makamaka ku zimene alendo anagula zowonjezera paulendo. Ndiye kuti pa madola atatu alionse, imodzi inatuluka m'thumba la munthu amene anali atalipira kale tikiti yake. Palibe chinyengo pamenepa, ndi mmene malondawo alili: tikiti amaitsitsa mtengo kuti zipinda zidzaze, podziwa kuti munthu akalowa alibe sitolo ina yoti apiteko mpaka sitima itakocheza padoko.

Chimene chimafulumizitsa ndalama kutha ndi chakuti m'sitima simugwira ndalama m'manja. Tsiku lokwera amakupatsani khadi, lomwe a kampani ya Royal Caribbean amalitcha SeaPass ndipo a Carnival amati Sail & Sign, pamene a kampani ya Princess amapereka kachitsulo kobulungira kovala m'khosi kapena padzanja. Khadilo ndi kiyi wa chipinda chanu, ndi chiphaso chanu potsika ndi pokwera, komanso ndi chikwama chanu. Mukafuna chakumwa mumangoligunditsa, woperekera zakumwa n'kukumwetulirani, basi. Munthu amene kunyumba amawerenga ndalama kawiri asanaipereke, pano amagula kakhumi patsiku osamva kupweteka kulikonse, chifukwa ngongole yonse ikuunjikana mwakachetechete pa akaunti imene sanaitsegulepo chikwerereni.

Ndalama yoyamba imene imadzidzimutsa anthu ndi yothokozera antchito. Pa makampani akuluakulu a ku America imakhala pakati pa madola 16 ndi 20 pa munthu aliyense tsiku lililonse, ndipo imakwererapo kwa ogona m'zipinda zapamwamba. Amaiwerengera ngakhale ana, kupatula aang'ono kwambiri pa makampani ena. Titenge madola 18: anthu awiri pa masiku 7 alipira madola 252, banja la anthu anayi lilipira 504, ndipo apa n'kuti asanagule ngakhale botolo limodzi la chakumwa. Alipo amene amalangiza anzawo kuti apite kuofesi yolandira alendo akaichotsetse, ndipo n'zoona kuti pa sitima zambiri zimatheka. Ine sindilangiza zimenezo. Wokonza chipinda chanu ndi woperekera chakudya patebulo lanu amagwira ntchito maola ambiri tsiku lililonse kwa miyezi ingapo osaona kwawo, ndipo ndalamayi ndi gawo lenileni la malipiro awo. Ngati simungaikwanitse, ndiye kuti ulendowo simunaukwanitse. Makampani ena anaiphatikiza kale pa tikiti, monga P&O Cruises yomwe inasiya kuilipiritsa padera mu 2019, komanso sitima zodula ngati za Regent Seven Seas ndi Silversea, choncho poyerekeza mitengo ya makampani awiri muyambe mwafunsa zimenezi.

Kenaka pali zakumwa. Mowa, vinyo, zoziziritsa kukhosi, madzi a m'botolo ndi khofi wapadera zonse n'zolipira, ndipo pa mtengo wolembedwawo amawonjezerapo 18 kapena 20 peresenti yothokozera woperekera. Pa kapepala kosayina pamakhalanso mzere wina wopanda kanthu woti muwonjezerepo, ndipo anthu ambiri amalembapo ndalama osazindikira kuti athokoza kawiri. Poopa zonsezi, ambiri amathamangira kugula phukusi la zakumwa la ulendo wonse, ndipo apa ndi pamene ndimapempha munthu atenge cholembera. Phukusili siligulidwa tsiku limodzi lokha, mumalipira masiku onse, kuphatikizapo masiku amene mudzaswera kumtunda kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Pa makampani ambiri, wamkulu mmodzi akagula phukusi la mowa, akuluakulu onse ogona m'chipinda chimenecho ayenera kugulanso, ngakhale wina atakhala kuti samwa kwenikweni. Tiyerekeze kuti phukusilo ndi madola 70 patsiku: awiri pa masiku 7 ndi madola 980, ndipo mukaikapo 18 peresenti ija mwadutsa 1,150. Kuti ndalama imeneyo ibwerere, munthu ayenera kumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, ndipo ndaonapo anthu akudzikakamiza kumwa kuti asaluze, n'kuwononga tchuthi chimene anachisungira ndalama kwa nthawi yaitali.

Za foni ndimazibwereza kwa aliyense, komabe chaka chilichonse wina amagwa m'mbuna yomweyo. Intaneti ya m'sitima ndi yolipira, kawirikawiri pa chipangizo chilichonse patsiku, ndipo ngakhale inafulumira kuchokera pamene makampani anayamba kugwiritsa ntchito Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, cha m'ma 2022, siinakhale yaulere pa sitima zambiri. Koma choopsa si chimenecho. Sitima ikatalikira gombe, foni yanu imataya netiweki ya kumtunda n'kudzilumikiza yokha ku netiweki ya sitimayo, yomwe imadutsa pa setilaiti ndipo mitengo yake ndi yokwera zedi. Foni ili m'thumba imapitiriza kutsitsa zithunzi ndi mauthenga, ndipo bilu yake siibwera pa akaunti ya m'sitima ayi, imakupezani kunyumba kuchokera ku kampani yanu ya foni, nthawi yoti muchitepo kanthu itapita kale. Ikani foni pa airplane mode, yomwe imazimitsa netiweki, sitima isananyamuke, kenaka muyatse Wi-Fi yokha.

Maulendo a kumtunda ndi amene amadya ndalama zambiri pa mabanja, chifukwa pa doko lililonse pali zoti mukaone ndipo amalipiritsa pa mutu. Kudziyendera nokha kapena kupangana ndi woyendetsa alendo wa pamalopo n'kotsika mtengo, ndipo sindiletsa. Ndimangofuna munthu adziwe chimene akugula akalipira zambiri kudzera ku sitima: basi ya ulendo wokonzedwa ndi sitima ikachedwa, sitima imadikira kapena kampani imakufikitsani padoko lotsatira, pamene wodziyendera yekha akachedwa amangoona sitima ikutalikira, ndipo ndege, hotela ndi zonse zoti akaipezere kutsogolo zimakhala zake. Nthawi yobwerera imakhala sitima isananyamuke, kawirikawiri ndi theka la ola, ndipo imatsatira wotchi ya m'sitima, yomwe nthawi zina imasiyana ndi ya padokopo, pamene foni yanu imasintha yokha n'kutsatira ya kumtunda. Zina zonse, monga malo odyera apadera, zithunzi zimene amakujambulani pokwera ndi pa chakudya chamadzulo, kuchapitsa zovala, kusisitidwa thupi, kubweretseredwa chakudya kuchipinda ndi juga, sindikhalitsapo, chifukwa mitengo yake imalembedwa poyera ndipo palibe amene amakukakamizani.

Pali ndalama imodzi yokha imene anthu amaumira pamene sayenera kuumira, ndipo nkhani yake imandiwawabe mpaka lero. Bambo ndi mayi ena achikulire anagulidwira ulendo ndi ana awo ngati mphatso. Nkhani ya inshuwalansi itabwera, bambowo anati moyo wawo wonse sanagonekedwepo m'chipatala, ndipo ana awo anati adzaiona pambuyo pake. Pambuyo pakepo sipanafike. Usiku wina sitima ili pakati pa nyanja, bambowo anayamba kumva kuthina pachifuwa, thukuta likutuluka, ululu ukutsikira kumkono. Mkazi wawo anagwira foni ya m'chipinda kuti aitane achipatala, koma bambowo anawaletsa, chifukwa anali atamva kwa mnzawo patebulo kuti kungoonana ndi dokotala wa m'sitima n'kodula, ndipo usiku n'kodula koposa. Anamwa mankhwala a m'mimba n'kukhala pampando kudikira kuti kuche. Pamene amafika kuchipatala cha m'sitimayo m'mawa, mtima unali utavulala kale.

Dokotala anachita zimene akanatha, koma chipatala cha m'sitima ntchito yake ndi kugwiriziza moyo mpaka wodwala afike kumtunda, sichichita maopaleshoni a mtima. Anawatsitsa padoko lotsatira, antchito analongedza zikwama zawo n'kuzitsitsa nazo, ndipo madzulo sitima inapitiriza ulendo monga mwa dongosolo lake. Mayi aja anatsala okha m'dziko limene chilankhulo chake sachidziwa, atakhala pa benchi ya chipatala ndi masutikesi awiri pambali, pamene a ofesi ya chipatalacho ankafuna chikole cha ndalama asanapitirize chithandizo. Bambowo anapulumuka, koma mtima wawo sunabwerere mwakale, ndipo ana awo anatha zaka akubweza ngongole za chipatala, hotela ndi ndege. Chimene chimandivutitsa si kukula kwa ngongoleyo, koma maola a usiku uja, amene anatayika chifukwa choopa bilu yomwe inali yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi zonse zimene zinatsatira.

Choncho ndinene mosapita m'mbali. Chipatala cha m'sitima n'cholipira, ndipo bilu yake imapita pa akaunti yanu nthawi yomweyo, inu n'kudzaitanitsa ndalamazo ku inshuwalansi pambuyo pake, choncho sungani mapepala onse amene akupatsani. Chitetezo cha zaumoyo chimene muli nacho kwanu nthawi zambiri sichigwira ntchito panyanja kapena m'dziko lachilendo. Kunyamula wodwala pa ndege yapadera kumatha kufika madola masauzande makumi angapo. Gulani inshuwalansi ya ulendo nthawi yomweyo imene mukupereka ndalama yoyamba, osati mlungu wonyamuka, chifukwa mukachedwa imalephera kukutetezani pa zimene zachitika kale, ndipo ina imafuna kuti igulidwe msanga kuti iphimbe matenda amene munali nawo kale. Onetsetsani kuti yalembedwa kuti ikugwira ntchito pa sitima yapamadzi komanso pa kusamutsa wodwala, ndipo musabise matenda anu a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi polemba fomu, chifukwa kubisako n'kumene kumadzapatsa a inshuwalansi chifukwa chokanira kulipira. Ndipo chifuwa chikathina, mbali imodzi ya thupi ikafooka, kapena mwana akamasanza mosalekeza, imbani foni nthawi yomweyo, za bilu mudzaziona muli moyo.

Ochenjera pa za thanzi nawonso amakupezani m'sitima momwemo. Kumalo osisitira thupi amaitanira anthu ku maphunziro aulere a zaumoyo, ndipo mapeto ake amakhala kugulitsa mankhwala oti amatsuka poizoni m'thupi kapena tinthu toika m'nsapato toti timawongola msana, pa mitengo imene kumtunda simungaivomere. Wogulitsayo kawirikawiri si dokotala, ndipo munthu wathanzi ali kale ndi chiwindi ndi impso zogwira ntchito imeneyo. Amene akumwa mankhwala a dokotala asayerekeze kuwasiya kapena kuwasakaniza ndi zinthu zimenezi chifukwa cha nkhani yokoma ya ola limodzi.

Akaunti yanu muziiona madzulo alionse, pa foni kapena pa wailesi yakanema ya m'chipinda. Zolakwika zimachitika, chakumwa cha wina chimatha kulembedwa pa inu, ndipo mwana amene khadi lake simunaliikire malire akhoza kuwononga zambiri pa masewera inu muli ku dziwe losambira. Mukadikira usiku womaliza mudzapeza mzere wautali kuofesi yolandira alendo, ndipo mukatsika musanadandaule, kukonza nkhaniyo kumakhala kovuta kwambiri. Dziwaninso kuti sitima imatsekereza ndalama zina pa khadi lanu la kubanki ngati chikole, ndipo zikhoza kutenga masiku angapo kuti zimasulidwe mutatsika, choncho khalani ndi khadi lina kapena ndalama zapadera za ulendo wobwerera. Funsani ngati sitimayo imagwiritsa ntchito dola, yuro kapena paundi, chifukwa banki yanu idzadulapo yake posintha.

Koma amene amandikwiyitsa koposa ndi madobadoba amene amakupezani musanaone n'komwe nyanja. Amalengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp ulendo wa mtengo wotsika modabwitsa, "zonse zili momwemo", kapena amakuimbirani kuti mwapambana ulendo waulere ndipo mungolipira kandalama ka msonkho. Amakufulumizitsani kuti malo atsala awiri okha, n'kukupatsani akaunti ya munthu osati ya kampani. Wokonza maulendo weniweni amakupatsani nambala ya malo anu yochokera ku kampani ya sitimayo, imene mungailowetse nokha pa tsamba la kampaniyo n'kuona dzina lanu, chipinda chanu ndi ndalama zimene zalipidwa. Amakulemberaninso papepala zimene zili mu tikiti ndi zimene mulibe, kuphatikizapo misonkho ya madoko, ndalama yothokozera antchito, maviza a mayiko amene sitima ikocheze, ndi tsiku lomaliza kulipira, lomwe likadutsa chilango cholepherera ulendo chimayamba kukwera. Amene akuzengereza kukupatsani nambala imeneyo, kapena akuti idzabwera mukamaliza kulipira zonse, musamutumizirenso ndalama ina, ndipo imbirani kampani ya sitimayo tsiku lomwelo kuti mufunse ngati dzina lanu lilipo.