Blues yakale sinkafuna gitala yodula ayi

Ambiri amaganiza kuti kulira kosasa mawu kwa blues yakale ya ku Chicago kunkachokera ku magitala odula a Gibson, koma ayi ndithu, oimba ambiri ndalama zimenezo analibe. Hound Dog Taylor ankaimba gitala yotchipa ya ku Japan, ampulifaya yake Silvertone yogulitsidwa m'sitolo za Sears, ndiye amakweza voliyumu mpaka kumapeto, ampulifaya ija nkulemedwa, sipika nkuyamba kusasa, iye akungotsetsereka ndi kachitsulo pa mawaya basi. Chimbale chake cha 1971 ku kampani ya Alligator Records chimamveka choncho, ndipo nchokoma heavy. Elmore James naye anangomata pikapu (kachipangizo kotengera mawu a mawaya ku ampulifaya) pa gitala ya bokosi ya Kay. Lero magitala omwewo anthu akulimbirana pa mtengo wokwera.