Mwana ali pa makina opumira: mafunso okhudza kuyeza carbon dioxide popanda kumubaya

Kodi lamulo lake likuti chiyani?

Likuti wodwala aliyense amene waikidwa chubu pakhosi n'kulumikizidwa ku makina othandiza kupuma, mpweya wa carbon dioxide umene akutulutsa uziyezedwa mosalekeza, ngakhale pomutengera ku thiyeta kapena kokajambula. Njira imeneyi imatchedwa capnography. Ku Britain lamuloli linalimba pambuyo pa lipoti la kafukufuku wa madokotala wotchedwa NAP4 la mu 2011, lomwe linapeza kuti pa imfa zambiri za mu ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya) zobwera chifukwa cha chubu chotsekeka kapena chosuntha, chipangizo cha capnography sichinagwiritsidwe ntchito. Kwa mwana nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri, poti njira yake ya mpweya ndi yaifupi: kungomutembenuza mutu, chubu chikhoza kutuluka.

Nambala ya okosijeni ili bwino. Sizokwanira?

Ayi. Kachipangizo ka pachala kamangoonetsa okosijeni. Mwana amene akulandira okosijeni wambiri nambala yake imachedwa kutsika, ngakhale chubu chitalowa m'njira ya chakudya m'malo mwa njira ya mpweya. Pomwe alamu ya okosijeni ikulira, nthawi yapita kale. Capnography imaonetsa vutolo pompopompo, chifukwa mzere wokwera ndi kutsika wa pa sikirini umangoti zii.

Komanso carbon dioxide amalamulira kayendedwe ka magazi mu ubongo. Akachepa kwambiri, mitsempha imapanikizika ndipo ubongo umalandira magazi ochepa, akachuluka, imatakasuka. Zonsezi n'zoopsa kwa khanda lobadwa masiku osakwana ndi kwa mwana wovulala m'mutu. M'magazi, mlingo wabwino wa carbon dioxide umakhala pakati pa 35 ndi 45 mmHg (muyeso umene amawerengera mpweyawu), ngakhale dokotala nthawi zina amaulola kukwerako dala pofuna kuti makina asavulaze mapapo.

Amayeza bwanji?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kachipangizo koikidwa pakati pa chubu ndi paipi ya makina, kamene kamawerenga mpweya mwana akamatsiriza kuutulutsa. Yachiwiri ndi kachitsulo komata pakhungu, nthawi zambiri pachifuwa kapena pamimba. Kamatenthetsa khungu pang'ono, chapafupi ndi madigiri 42, kuti mpweya wa m'magazi udutse n'kuyezedwa.

Ya pakhungu imachedwa kusintha, choncho singadalirike kuti ikuchenjezeni chubu chikatuluka. Ubwino wake umaonekera pomwe yoyamba ija yalephera, monga pa makina aja opopa timpweya tating'onoting'ono kambirimbiri pa sekondi, amene amatchedwa oscillator.

Ndiye kuti kutenga magazi kwatha?

Sikunathe, kwangochepa, ndipo kuchepako n'kofunika: khanda la kilogalamu imodzi lili ndi magazi osafika mamililita 100, ndiye kulibaya chidendene pafupipafupi si nkhani yamasewera. Koma kuyeza magazi ndi kumene kumapereka nambala yeniyeni. Mwana akakhala ndi mapapo abwino, nambala ya pa chubu imatsika ndi 2 mpaka 5 mmHg poyerekeza ndi ya m'magazi. Mpata umenewu umakula mapapo akadwala kwambiri, mtima ukamapopa mofooka, mwana akakhala ndi matenda a mtima obadwa nawo omwe amamuchititsa kubiriwira, kapena mpweya ukamathawira m'mbali mwa chubu, zomwe zimachitika kawirikawiri kwa ana. Apa ndi pamene anthu amapusitsika: sikirini ikuti 38, magazi akuti 60. N'chifukwa chake madokotala amayamba ayerekeza ziwirizi, kenako n'kumatsatira kumene nambala ikulowera. Ineyo ndimaona kuti maonekedwe a mzere ndi ofunika kuposa nambala imodzi yokha.

Kodi zimapweteka?

Cha pa chubu sichikhudza thupi. Cha pakhungu chimasiya kufiira, ndipo chikakhalitsa malo amodzi chimatha kuwotcha, makamaka makanda a khungu lanthete. Anamwino amachisuntha pakapita maola angapo.

Nanga kuno ku Malawi?

Ana ofunika makina otere amathandizidwa, mwa zina, ku Mercy James Centre, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 2017. Gulu la Global Capnography Project linagawanso zipangizo 40 m'zipatala za m'chigawo cha kummwera, ndipo m'miyezi 6 ogonetsa odwala ananena kuti zinawathandiza kuzindikira maulendo 44 pomwe chubu chinalowa m'njira ya chakudya. Chovuta n'chakuti timapaipi ta chipangizochi timatsekeka ndi chinyezi komanso makhololo, ndipo timafunika kusinthidwa.

Kholo lingachitepo chiyani?

Funsani anamwino akusonyezeni mzere wa carbon dioxide pa sikirini ndi mlingo umene adokotala akufuna kwa mwana wanu. Musakhudze mabatani kapena kuzimitsa alamu. Mzerewo ukasowa, kapena mukaona paipi yasokoloka, itanani anamwino nthawi yomweyo, ngakhale nambala ya okosijeni ikadali pa 98.