Kodi chithunzichi mwachikonza?

Funso limeneli silisowa ndikaonetsa ntchito yanga, ndipo wofunsayo amandiyang'ana ngati wagwira wakuba. Ndimavomera: eya, ndachikonza. Koma nachonso chimene mwajambula pa foni m'mawa uno ndi chokonzedwa, kungoti yakukonzerani ndi pulogalamu ya m'foniyo musanachione n'komwe. Yakoleza mitundu, yawalitsa mithunzi, ndipo mafoni ambiri amatola zithunzi zingapo nthawi imodzi n'kuziphatikiza.

Gwero la nkhaniyi ndi lakuti kamera siona ngati maso. Masana, yang'anani munthu amene wakhala pafupi ndi windo. Nkhope yake mukuiona, mitambo panja mukuionanso. Jambulani tsono. Mupeza nkhope ili bii koma panja pakuoneka bwino, kapena nkhope ikuoneka koma windo langoyera mbee. Diso limasintha msangamsanga likamachoka pamdima kupita powala, ubongo n'kumasoka zonsezo pamodzi. Kamera ilibe mwayi umenewo.

Ojambula akale anakumana nalo vutoli kompyuta kulibe. M'zaka za m'ma 1850, Gustave Le Gray wa ku France ankati akajambula nyanja kuti madzi aoneke, mitambo imathawa. Nzeru yake inali yojambula madzi pa negetivu imodzi (chithunzi choyamba cha m'kamera, chimene powala pamaoneka poda), mitambo pa ina, n'kuziphatikiza papepala limodzi potsuka. Mu 1857 ku England, Oscar Rejlander analumikiza manegetivu oposa 30 kuti apange chithunzi chimodzi. Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi pakompyuta imene anthu amaiyesa chiyambi cha bodza, inatuluka mu 1990, yolembedwa ndi munthu ndi mchimwene wake, Thomas ndi John Knoll.

Luso limene ndimalilemekeza kwambiri ndi la m'chipinda chamdima chotsukira zithunzi. Kuwala kumadutsa mu negetivu n'kugwera papepala, ndipo pamene kwagwera nthawi yaitali pamada. Wotsuka amatenga kakatoni kobulungira komangirira kuwaya, n'kumakagwedeza pamwamba pa malo amene akufuna kuti asade. Akafuna kudetsa pena, amapinda zala kusiya kabowo kakang'ono, kuwala n'kumadutsa pomwepo. Dzanja siliima, likangoima mphepete mwake mumaoneka chizindikiro. Mukatsegula Photoshop muona tizithunzi tiwiri, kena ngati kampira kapakamtengo, kena dzanja lopinda zala: ndi zida zomwezo. Wojambula wa ku America Ansel Adams anajambula mwezi ukutuluka pakamudzi kena ku New Mexico mu 1941, ndipo kuchokera pa negetivu imodzimodziyo anatsuka zithunzi kambirimbiri kwa zaka zochuluka. Pa zithunzi zoyamba thambo ndi lotuwirako, pa zomaliza lada bii. Mweziwo sunasinthe. Anasintha ndi mmene mwini wake ankafunira kuti tiuone.

Ntchito yanga yambiri pakompyuta ndi yomweyo: kuwalitsa apa, kudetsa apo. Diso la munthu limathamangira powala, ndiye ngati kumbuyo kwa amene mwamujambula kuli chidebe choyera, anthu aona chidebecho kaye. Ndikachidetsa pang'ono n'kuwalitsa masaya ndi maso, chithunzi chimayamba kulankhula, chonsecho sindinachotsepo kanthu.

Kuti zimenezi zitheke bwino, jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yatola, ngati kamera yanu imalola. JPEG, mtundu wamba wa fayilo ya zithunzi, imasunga milingo 256 ya kuwala pa mtundu uliwonse, pamene RAW ya makamera ambiri imasunga 4,096 kapena 16,384. Kusiyana kwake mumakuona mukamawalitsa mthunzi: mu RAW mumatuluka ulusi wa malaya, mu JPEG mumatuluka mabangamabanga. Koma pamene panayereratu pojambula palibe chobweza, n'chifukwa chake ine ndimalolera kuti chithunzi chide pang'ono. Pulogalamu yokonzera zithunzi isakuvutitseni mutu. GIMP ndi darktable ndi zaulere ndipo zimagwira ntchito.

Bodza limayamba pamene mwauza anthu kuti izi ndi zimene zinachitikadi. Mu 1982 magazini ya National Geographic inasendeza mapiramidi a ku Giza, ku Egypt, pachithunzi kuti akwane pachikuto, ndipo anthu amaikumbutsabe mpaka lero. Waluso akaika nsomba m'mitambo palibe amene wapusitsidwa. Mtolankhani akafufuta munthu mmodzi pagulu, wanama.

Ine cholakwa changa chinali china. Nditangoyamba kumene, ndinajambula agogo ena aamuna atakhala pafupi ndi khomo, kuwala kukuwamenya mbali imodzi. Usiku wonse ndinali pakompyuta kusalaza khungu, kufufuta makwinya, kuyeretsa maso, ndikudzitama kuti ndadziwa ntchito. Mdzukulu wawo atabwera kudzatenga, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, chakongola, koma awa si agogo anga." Mwamwayi ndinali nditagwirira ntchitoyo pa ma layer, magawo osanjikiza pamwamba pa chithunzi amene ungawazimitse, chithunzi chenicheni chili pansi chosakhudzidwa. Ndinazimitsa onse kupatula amene ndinadetsera khoma. Makwinya a pachipumi anabwerera, ndi kachipsera kapachibwano kamene ndinkakayesa fumbi la pagalasi la kamera. Mdzukuluyo analoza kachipserako ndi chala n'kuyamba kundifotokozera mmene agogowo anavulalira ali mnyamata.