Phokoso la "mmmm" m'zokuzira mawu limachokera kuti?

Loweruka lina anandiitana ku ukwati kuti ndikaone zokuzira mawu zomwe zinkavuta. Wotsogolera mwambo akayamba kulankhula, pansi pa mawu ake pankamveka kulira kosalekeza, mmmm, ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini. Mnyamata wosamalira zidazo anali atasintha kale maikolofoni kawiri, thukuta lili kamukamu. Ndinalumikiza laputopu ku mikisa n'kujambula phokosolo kwa masekondi ochepa. Pa sikirini panabwera mzere wokwera ndi kutsika, wosonyeza mmene mawu akusinthira nthawi ikamayenda. Sunandiuze kanthu. Nditadina batani lina chithunzi chinasintha, ndipo timizere titatu tinaima njo: pa 50, pa 100 ndi pa 150. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, maikolofoni alibe mlandu, vuto lili ku magetsi."

Sikuti ndinalosera. Mawu ndi kugwedezeka kwa mpweya, ndipo kuchuluka kwa maulendo amene chinthu chikugwedezeka pa sekondi imodzi ndiko timati frequency, muyeso wake ndi hertz. Besi ali ndi ma hertz ochepa, likhweru ali ndi ambiri. Khutu la mwana limamva kuyambira pa 20 mpaka pafupifupi 20,000, koma tikamakula mawu apamwambawo amayamba kutithawa. Magetsi a m'nyumba zathu amapita uku n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi, choncho phokoso likaima pa 50 ndi ana ake, 100 ndi 150, mwini wake amadziwika. Ku America magetsi amayenda pa 60, ndiye kulira komweku kumamveka kokwererako pang'ono.

Chimene batani lija linachita n'chimene mphunzitsi wa kwaya amachita ndi khutu. Inu mumamva nyimbo imodzi, iye amamva kuti besi ali bwino koma tena watsika. Wasefa mawu osakanikirana n'kuika aliwonse pa malo pake. Masamu ochitira zimenezi anachokera kwa Joseph Fourier wa ku France, yemwe sankafufuza za nyimbo n'komwe koma za mmene kutentha kumayendera m'zinthu zolimba. Mu 1807 anauza akatswiri a ku Paris kuti mzere wokhotakhota, ngakhale wa makona akuthwa, ungathe kumangidwa pophatikiza mafunde osalala a ma frequency osiyanasiyana. Akuluakulu ena, makamaka Lagrange, sanakhutire nazo, ndipo buku la Fourier linatuluka mu 1822. Ine ndimaona kuti Lagrange sankakayika pachabe. N'zovutadi kukhulupirira kuti zinthu zosalala zokhazokha zingabale kona.

Koma masamu a Fourier ankanena za chinthu choyenda mosadukiza, ngati madzi a mumtsinje. Kompyuta siingamwe mtsinje wonse. Imatunga kapu imodzi, n'kudikira pang'ono, n'kutunganso ina. Ikamajambula mawu imayeza mphamvu yake kambirimbiri pa sekondi n'kusunga manambala okha, zapakati pa miyesoyo zimatayika. Funso n'lakuti: uyeze kangati kuti usataye chofunika?

Yankho limatchulidwa ndi mayina a Harry Nyquist ndi Claude Shannon, ndipo ndi lalifupi. Miyeso yako pa sekondi ipitirire kawiri frequency yapamwamba kwambiri imene ili m'mawuwo. N'chifukwa chake CD imayeza maulendo 44,100 pa sekondi, kuti ikwanitse 20,000 ya khutu la munthu n'kutsalako malo. Mafoni akale a digito amayeza 8,000 okha, ndipo amangonyamula mawu a pakati pa 300 ndi 3,400 hertz. Apa ndi pamene pamabwera chisokonezo cha "s" ndi "f" pa foni. Mphamvu yambiri ya "s" ili pamwamba pa malire amenewo, ndiye kusala ndi kufala zimamveka ngati mawu amodzi mpaka chiganizo chikuthandizeni. Chodabwitsa china n'chakuti mawu a bambo wamkulu amayambira pansi pa 300, foni n'kudula tsinde lakelo, koma mumamvabe kuti ndi bambo. Ubongo umamva ana a frequency ija n'kubwezeretsa kholo losowalo.

Mukaswa lamulo la Nyquist, mawu apamwamba sasowa ayi, amavala nkhope ya ena. Kulira kwa 5,000 hertz mukakuyeza maulendo 8,000 pa sekondi kumatuluka ngati kwa 3,000, ndipo kukalowa choncho palibe angakusiyanitse ndi 3,000 weniweni. Munaonapo mateyala a galimoto mu kanema akuoneka ngati akuzungulira chobwerera pamene galimoto ikuthamangira kutsogolo? Ndi matenda omwewa: kamera ikujambula zithunzi 24 pa sekondi, zomwe n'zochepa kuti zitsatire bwino kuzungulira kwa teyalalo. Choncho chida chojambulira mawu chimayamba chasefa zapamwamba zisanayezedwe.

Kuwerengera masamu a Fourier pa miyeso imeneyi kunali kolemetsa mpaka 1965, pamene James Cooley ndi John Tukey anafalitsa njira yachidule yowerengera masamuwa yotchedwa FFT (Fast Fourier Transform). Pa miyeso 1,024, ntchito yofuna kuchulukitsa manambala koposa miliyoni imatsika kufika pa masauzande ochepa. Pambuyo pake zinadziwika kuti Gauss, katswiri wa masamu wa ku Germany, anali ataipeza kale cha m'ma 1805 koma sanaifalitse. Pali mtengo umodzi umene FFT siingakuchotsereni. Kuti musiyanitse 50 ndi 51 hertz muyenera kumvetsera pafupifupi sekondi yathunthu, ndipo mukamvetsera nthawi yaitali choncho simudziwanso bwino kuti phokoso linayamba pa mphindi iti. Mukapindula uku mumataya uko.

Ku ukwati kuja tinapeza kuti mikisa inali pa soketi ya kutsogolo, ampulifaya pa soketi ina kumbuyo kwa holo, ndipo kusiyana pang'ono kwa mawaya a earth a masoketi awiriwo kunkadutsa mu chingwe cha mawu. Tinazilumikiza zonse pa soketi imodzi, timizere tija tinagwa. Mnyamata uja anati mnzake amangothyola mwendo wachitatu wa pulagi, wa earth uja, phokoso n'kutha. Limathadi, koma mwendo umenewo ndi umene umateteza wogwira maikolofoni tsiku limene waya wamoto wakhudza chitsulo cha ampulifaya. Ndinamuletsa.