Kodi a anakizimu salola maganizo osiyana ndi awo?

Mphekesera yofala imati otsatira anakizimu, chiphunzitso chokana boma ndi ulamuliro uliwonse wokakamiza, amangofuna chipwirikiti ndipo salolera aliyense woganiza mosiyana nawo. Mphekeserayi ili ndi pomwe inachokera: m'zaka za m'ma 1890 ena mwa iwo anaphulitsadi mabomba ku France ndi ku Spain. Koma sikuti ndicho chiphunzitso chonse.

Ku Spain m'zaka za m'ma 1880, gulu la otsatira anakizimu linagawikana pa nkhani yogawana zokolola. Ena ankati munthu alandire molingana ndi ntchito yomwe wagwira, ena ankati alandire molingana ndi zosowa zake. Mu 1889, Fernando Tarrida del Mármol, wobadwira ku Cuba, anati mkanganowu usathetsedwe ndi lamulo. Mudzi uliwonse kapena bungwe la antchito lisankhe njira yake, liyiyese, zotsatira zake zioneke. Mlembi wa ku Spain Ricardo Mella anagwirizana nazo, ndipo ku America Voltairine de Cleyre anaphunzitsanso zofanana.

Kulolerana kumeneku kuli ndi malire ake omveka: palibe gulu lokakamiza linzake, ndipo wosakhutira ali ndi ufulu wochoka. Njira yofuna kulamulira ena onse ndiyo yomwe amaikana.

Vuto lenileni limabwera posankha zochita limodzi. Bungwe losonkhanitsa maganizo ambiri limachedwa kugwirizana. N'chifukwa chake mu 1926 Nestor Makhno wa ku Ukraine ndi anzake ali ku Paris anafuna bungwe la mfundo imodzi, pomwe Sébastien Faure wa ku France mu 1928 anaumirira kuti magulu osiyanawo akhalebe m'bungwe limodzi.