Kuyera kwa madzi a pamjigo kusatipusitse

Abale athu ambiri kuno ku Harare, ku Mbare ngakhale ku Mufakose, amati oopsa ndi madzi a pampopi okha, a pamjigo alibe vuto poti amatuluka oyera mbee. Nzoona kuti a pampopi nthawi zina amabwera obiriwira komanso akununkha. Amatungidwa ku Lake Chivero, komwe zonyansa za mumzinda zimathera, kenako n'kukayeretsedwa ku Morton Jaffray.

Koma tizilombo ta kolera sitioneka ndi maso. Mu 2018 kolera inabuka ku Glen View ndi Budiriro, ndipo kunapezeka kuti m'mijigo ndi m'zitsime zina munalowa zonyansa za m'mapaipi a zimbudzi ophulika. Anthu ankamwa madziwo mtima uli m'malo, ndipo zimenezi zimandipweteka.

Madzi akumwa, kaya mwatunga kuti, awiritseni mpaka abwadamuke kapena thiranimo klorini. Chidebe chikhale chovindikira, ndipo ana asamapisemo kapu.