Thovu likatha sikuti porter wapsa

Funso limene limandifika kawirikawiri kuchokera kwa ofulula kunyumba porter, mowa wakuda wa chimera cha balere, ndi lomwelomwelo: "Porter wanga wasiya kutulutsa mpweya, ndimutsanulire m'mabotolo?" Yankho langa silisintha. Ayi, dikirani kaye. Kutha kwa thovu si umboni woti yisiti yamaliza ntchito, ndipo ndatopa nazo zomva anthu akuvulala pa chinthu choti haidiromita imodzi, kachipangizo koyezera shuga amene watsala mu mowa, ikanawapulumutsa.

Vutoli limayambira kutali, tsiku losankha chimera. Ambiri amaganiza kuti mowa wakuda umafuna chimera chakuda chochuluka. Si choncho. Chimera chokazingidwa mpaka kuda chilibenso mphamvu yosandutsa sitachi kukhala shuga, chifukwa moto unapha kale ma enzyme ake, tinthu timene timagwira ntchito imeneyi. Ntchito yake ndi kupereka mtundu ndi kafungo ka khofi kapena chokoleti, basi. Shuga amene yisiti idzadye amachokera ku chimera choyera cha balere. Pa malita 20, makilogalamu 4 a chimera choyera, magalamu 300 a chimera chotsekemera chotchedwa crystal, magalamu 300 a chimera chokazinga chotchedwa chocolate ndi magalamu 100 a chakuda bii chotchedwa black akukwanirani, ndipo mowawo udzada ndithu.

Ofulula a ku London anazizindikira kalekale zimenezi. Porter atatchuka kumeneko m'zaka za m'ma 1720, ankafululidwa ndi chimera chabulawuni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, atayamba kuyeza ndi haidiromita, anaona kuti chimera choyera chimapereka shuga wochuluka kuposa chabulawunicho. Mu 1817 Daniel Wheeler anatulukira njira yokazingira chimera mu mgolo wachitsulo wozungulira mpaka kuda bii, moti kachimera kochepa kankadetsa mowa wonse. Papita zaka zoposa 200, koma lero munthu akuthirabe kilogalamu yathunthu ya black m'ndowa, kenako n'kumadabwa kuti mowa ukuwawa ngati phulusa ndipo ukuumitsa lilime. Chimera chakuda chimawonjezeranso asidi m'phala, lomwe ndi chimera chonyikidwa m'madzi otentha. Chikachuluka, pH, muyezo umene umatsika asidi akamachuluka, imafika pansi pa 5.2, ndipo ma enzyme aja amagwira ntchito monyinyirika.

Za kutsuka ziwiya sindikambapo, aliyense wofulula ayenera kuzidziwa. Phala likhale pa madigiri 66 kapena 67 a Celsius kwa ola limodzi, madzi otsukuluzira chimera asapitirire madigiri 77, muwiritse ola limodzi ndi hops, timaluwa towawitsa mowa, monga a mtundu wa Fuggle, muziziritse msanga kufika pa madigiri 18 mpaka 20, ndiye muthire yisiti. Musanathire yisitiyo, yezani ndi haidiromita. Muyenera kupeza pafupifupi 1.050, nambala imene imatsika yisiti ikamadya shuga. Lembani nambalayo, musadalire mutu.

Apa ndiye pamene anthu amagwera. Yisiti ya mowa wamtunduwu, makamaka yochokera ku England, imakonda kugwirana n'kukhala pansi msanga. Usiku umodzi wozizira ndi wokwanira kuigoneka tulo shuga akadalipo. Mpweya umasiya kutuluka, pamwamba pamayera, munthu n'kumati zatheka. Nthawi zina si yisiti n'komwe: chivundikiro sichinatseke bwino ndipo mpweya ukutulukira m'mbali. Kapulasitiki kotulutsira mpweya ka pachivundikiro sikayeza chilichonse.

Pali nkhani imodzi imene imandisowetsabe mtendere. Mnyamata wina wakhama kwambiri anandionetsa zolemba zake zonse, zaukhondo, zolongosoka. Mowa wake unaima pa 1.020. Anaiona nambalayo ndi maso ake, koma wina pa intaneti anamuuza kuti mowa wakuda umathera pamwamba choncho. Anatsanulira m'mabotolo, nawonjezera shuga woti apange mpweya m'botolo, n'kuika mabotolowo m'kabati ya m'chipinda chofunda. Kufundako kunadzutsa yisiti. Patapita masabata angapo botolo limodzi linasweka lokha usiku, ndipo m'mawa anaweramira m'kabatimo kuti aone chachitika n'chiyani. Lachiwiri linaphulika atangoligwira. Kagalasi kanamulowa m'diso. Chimene chimandipweteka kwambiri si kuphulikako, koma kuti anatsuka disolo ndi madzi, nalitikita, n'kudikira kuti mwina pofika mawa likhala bwino. Pamene ankafika kuchipatala n'kuti zinthu zitaipa. Diso limenelo siliona bwino mpaka lero.

Wa pa intaneti uja sananame kotheratu, ndipo n'chifukwa chake malangizo ake anali oopsa. Phala likatentha kupitirira madigiri 70, kapena crystal akachuluka, mumatsala shuga amene yisiti singathe kudya, ndipo mowa ukhoza kutheradi pa 1.020. Koma simungadziwe poyang'ana. Kwezani kutentha kufika pa madigiri 21 kapena 22, gwedezani ndowa pang'onopang'ono kuti yisiti idzuke, dikirani masiku atatu, muyezenso. Mukafuna kutsimikiza, tapani kapu imodzi ya mowawo mwaukhondo, thiranimo yisiti yambiri, ikani pofunda. Nambala imene kapuyo ifike ndi kumene mowa wonse ukupita. Porter wabwinobwino woyambira pa 1.050 amathera cha pa 1.012 mpaka 1.014, ndipo mphamvu yake imakhala pafupifupi 5 peresenti.

Werengani nokha. Kutsika kulikonse kwa 0.001 kochitikira m'botolo lotseka kumapanga mpweya wokwana pafupifupi theka la kukula kwa mowa umene uli m'botolomo. Porter amafuna mpweya wowirikiza kawiri kukula kwake. Kuchoka pa 1.020 kufika pa 1.012 kumawonjezera kanayi pamwamba pa kawiri kaja. Botolo wamba silinapangidwire zimenezo, makamaka lakale lokhala ndi timing'alu tosaoneka.

Ndiye pali akatswiri abodza. Amene amati thirani supuni yodzaza ya shuga m'botolo lililonse, musawamvere. Shuga amayezedwa pa sikelo: magalamu 4 kapena 5 pa lita, osungunulidwa m'madzi owira pang'ono, n'kusakaniza ndi mowa wonse. Oopsa kuposa onse ndi amene amalangiza kuthiramo sipiriti wosadziwika kumene wachokera kuti mowa ukhale waukali. Mowa wa balere wofululidwa bwino sukhala ndi methanol, sipiriti wapoizoni, woti n'kuvulaza munthu. Methanol wakupha uja amalowa ndi zothirathira zimenezi, ndipo zizindikiro zake zimachedwa, nthawi zambiri maola 12 mpaka 24: mutu, kusanza, kupuma mofulumira, kuona ngati chifunga. Munthu wotere sagonekedwa kuti mowa umuchoke. Amathamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mutenge botolo la chimene anamwacho.

Ngati mwatsanulira kale ndipo botolo limene mwatsegula lasefukira mwamphamvu, otsalawo muwaone ngati oopsa. Valani magalasi oteteza maso, magulovu okhuthala ndi malaya a manja aatali. Ana asayandikire. Phimbani mabotolo ndi thaulo, muwaike mufiriji usiku wonse kuti mpweya ukhazikike, kenako mutsegule limodzilimodzi, kukamwa kwa botolo kutaloza kutali ndi nkhope. Galasi likalowa m'diso musalitikite, musayese kulizula, musathiremo mankhwala a kunyumba. Phimbani ndi kapu yapepala kapena china cholimba chosakhudza disolo, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale lisakupweteka kwambiri.